Manda a amalume amene anakana mfuti

Amalume anga, amene pa nthawi ya usilikali wawo anakana kupita kunkhondo ya ku Mozambique, tinawaika Lachinayi kunja kwa mzere wa manda a banja lathu, kumunsi kwa Chintheche. Anamwalira Lachiwiri ndi matenda a shuga.

Ndinadzuka kusanache pakhonde pomwe ndinagona ndi amuna ena. Nyimbo za usiku zinali zitatha, moto wa pabwalo utasanduka phulusa lonyowa. Mvula inali itagwa masiku atatu otsatizana. Kuseri kwa nyumba amayi ankalimbana ndi nkhuni zaziwisi pa mafuwa asanu ndi limodzi, ufa wa chinangwa uli m'mabeseni ovindikira ndi masamba. Makasu amene tinaunjika pansi pa mtengo wa mango dzulo lake panalibe.

Tinali titagwirizana kuti adzukulu, okumba manda aja, apita dzuwa likatuluka, ndipo akazi a malemu atuma munthu wokaloza malo. Anti, monga timawaitanira, ndi mphunzitsi wopuma wa ku Dedza amene anabwera kuno pa ntchito nakwatiwa konkuno. Mwana sanamuone. Pempho lawo linali limodzi: mwamuna wawo agone pambali pa mayi ake, mumzere wa banja, pomwe iwonso adzagone. Amati agogo ananena zimenezi okha asanatsirizike. Mboni ina palibe.

Nkhani ya amalume inayamba chonchi. Amalume ndi mng'ono wawo anali asilikali a gulu limodzi. Mayina a okalondera njanji ku Mozambique atatuluka, amalume anatula mfuti pansi pa perete. Anati sangawombere mlimi wopanda nsapato pofuna kuteteza katundu wa anthu olemera. Maganizo otere anawatola m'timabuku ta sosholizimu tomwe tinkalowa mobisa kuchokera ku Tanzania. Mkulu wa gululo anafufuta dzina lawo n'kulembapo la mng'ono wawo. Patapita miyezi inayi mng'onoyo anabwera m'bokosi lokhomerera, amalume ali kundende. Mng'onoyo anasiya mkazi woyembekezera. Mwana wobadwayo ndi msuweni wanga, amene lero ndiye mwamuna wamkulu pabanja, mwini makoka awiri ndi boti la injini. Atatuluka m'ndende, amalume omwewo ndiwo anamulera ndi kumuphunzitsa za panyanja.

Ndinatsatira mapazi m'matope mpaka kumanda. Dzenje ndinalipeza litafika m'mawondo. Silinali pamtunda pomwe pali agogo. Linali kumunsi, m'mphepete mwa bango, pafupi ndi zithaphwi zomwe amayi amaviikamo chinangwa. Ndinawerenga mapazi kuchokera pa mtanda wa agogo: makumi anayi ndi limodzi. Msuweni wanga anali ataima pamulu wa mchenga, khasu lili paphewa.

"Asuweni, dzulo tinagwirizana zotani?" ndinafunsa.

"Khasu lagwa kale," anatero. "Mwambo mukuudziwa, kapena ku Lilongwe unakuthawani?"

Ndinkaudziwa. Dzenje la manda likatsegulidwa silisiyidwa lopanda kanthu, amati limaitana munthu wina pabanjapo. Njira yosinthira ilipo imodzi yokha: kukwiriramo thunthu la nthochi n'kukakumba pena. N'chifukwa chake anadzutsa adzukulu kudakali mdima.

"Pafupi ndi ada wanga sagona," anawonjezera, kunena bambo ake, osandiyang'ana. Adzukulu anapitiriza kukumba.

Pofika eyiti koloko anthu anali atadzaza pabwalo. Anabwera ogwira ntchito m'malo ogona alendo ku Kande, aphunzitsi a ku Bandawe ndi maambulera awo, amalonda a pamsika. Asodzi anafika pa mabwato anayi. Amuna anakhala pansi pa mango, ndipo nkhani inali ya khoka la malemu. Kuno mwini khoka amatenga theka la usipa wonse, theka linalo n'kugawana alovi, asodzi ogwira ntchito pa khokalo. Amalume ankagawa mabeseni mofanana, gawo lawo lolingana ndi la wopalasa. Anthu ankawatcha Komuredi.

Mwini makoka wina, wa mimba yaikulu, ananena mokweza kuti Komuredi wapita ndi khoka lomwe lija la zigamba, zaka zonsezi osagula n'komwe injini. Mlovi wina anayankha kuti ana ake anadya chaka cha njala chifukwa cha khoka la zigambalo. Mphunzitsi anati ku Tanzania komweko zinakanika. Mloviyo anati iye sanapiteko, amadziwa beseni lake basi.

Panali bambo wina wokalamba, wa jekete yobiriwira yothetheka, amene anakalonderako njanji ija. Anthu anamufunsa maganizo ake. Anati wina anayenera kupita, chifukwa sitima ikanaima mafuta akanasowa dziko lonse, ndi chipatala chomwe. Anatinso mpaka lero sadziwa amene ankamuwombera m'tchire muja, ndipo tulo samaliza. Mwini makoka uja anati bambowo asankhe chimodzi. Sanasankhe.

Cha m'ma teni panachitika chomwe anthu azichikamba nthawi yaitali. Wamasiye sachoka pambali pa mtembo. Anti anachoka. Anatulukira khomo la kuseri, anatola chikwanje cha amayi ophika, nadula nthochi ya kuseri kwa bafa. Anaikoka okha m'matope, chitenje chikumasuka, mpaka pamapazi a msuweni wanga, amene anali atabwerako kumanda. Anagwada.

"Mwanawe, ndinakusambitsa ine. Nthochi nayi. Auze akumbe kumtunda."

Msuweni wanga anayang'ana thunthulo.

"Ama, nthochi imeneyi ikanabereka mwezi wamawa. Mwaiwononga chabe."

Mayi ake, wamasiye wa msilikali uja, anali pakhomo. Anasiya chilankhulo cha kunyanja kuno nalankhula Chichewa kuti anti amve liwu lililonse.

"Wanga ine sindinamuone nkhope, anabwera atakhomerera. Inu wanu mwamusambitsa, mwamuveka tayi. Mukufunanso chiyani, aphunzitsi?"

Anti anatembenukira kwa mkulu wa mpingo. Iye anayang'ana wotchi nati za nthochi mpingo sukuzidziwa, ndipo za malo ndi za banja. Amayi awiri ovala zoyera anadzutsa anti n'kuwabwezera m'nyumba. Thunthu linatsala pomwepo, anthu akulilumpha popita kukasamba m'manja.

Chakudya chinatuluka leveni koloko: kondowole, nsima ya chinangwa, ndi usipa wa khoka la malemu, womwe alovi ake anabweretsa. Mwini makoka uja anadya mbale ziwiri.

Mbiri ya malemu ndinailemba ine ndipo ndinaiwerenga ine. Munali chiganizo chonena kuti anakana kupita kunkhondo chifukwa cha chikumbumtima chake ndipo anamangidwa. Mwambo usanayambe, msuweni wanga anapempha pepalalo, anadula chiganizocho ndi bolopeni, nalemba pamwamba pake kuti anagwira ntchito ya usilikali kenaka anapuma. Ndinawerenga monga anakonzera. Palibe anatsokomola. Mlaliki analalikira mphindi makumi atatu za kumvera olamulira.

Tinanyamuka itangokwana wani koloko, mvula yowaza itayambiranso. Bokosi ananyamula alovi asanu ndi atatu a malemu, ndipo sanalole wina kulandira. Njira yopita kumunsi imadutsa pa mzere wa banja. Atafika pa mtanda wa agogo anachepetsa liwiro, phazi limodzi, lachiwiri. Msuweni wanga anati, "Tiyeni," ndipo anapitirira.

M'dzenje munali madzi ofika m'akakolo. Mdzukulu wina anatsikamo ndi chigubu chodula chomwe amakapira madzi m'bwato. Anakapa kakhumi, madzi akubwerera kuchokera m'mbali. Mkulu wa mpingo anati nthawi yatha. Anatsitsa bokosi ndi zingwe za khoka. Silinakhale pansi, linayandama pang'ono n'kupendekeka. Amuna awiri analikanikiza ndi nkhafi mpaka dothi linalemera pamwamba pake.

"Akukananso," anatero munthu wina kumbuyo. Anthu angapo anaseka, ena anawatsonya, koma kuseka kunamveka bwino lomwe.

Anti anaponya dothi lawo osalira. Bambo wa jekete yobiriwira uja anakweza dzanja ngati achite sawasha, linafika paphewa, kenaka anangokanda khutu. Nkhata zinali zisanu. Msuweni wanga anaika yake poyamba, yaikulu kuposa zonse, yogula ku Mzuzu. Pobwerera anaima pa manda a bambo ake, anazula udzu, ndipo anakhala pamenepo yekha mpaka tonse tinafika kunyumba. Sindikudziwa chomwe ankanena.

Pofika madzulo mabenchi anali atabwerera kutchalitchi, mafuwa atazima. M'nyumba munatsala anti, achemwali awo awiri a ku Dedza ndi ine. Timabuku ta amalume, khumi ndi kamodzi, tinali pawindo, tomangidwa ndi ulusi wosokera khoka. Panja mbuzi zinkadya thunthu lija.

Anti anandiitana ndi dzina la ubwana.

"Akuti unawerenga mapazi. Ndi angati?"

"Makumi anayi ndi limodzi, anti."

"Pambali pake malo alipo?"

"Alipo. Palibe angawafune."

"Ndiye uwauze, ine ndikadzafa asadzavutike kudzuka mumdima. Ndalozeratu."

Mawa m'mawa banja likhala pansi kusesa nyumba ndi kugawa za malemu. Msuweni wanga wauza kale alovi asanu ndi atatu aja kuti khoka likhala m'manja mwake, ndipo kuyambira Lolemba mwini khoka azitenga theka. Za nyumba akuti anti amva pa msonkhanowo. Achemwali awo afunsa nthawi yomwe minibasi yoyamba ya ku Salima imadutsa. Anti awayankha kuti akakwere okha, iwo mawa apita kumunsi ndi khasu kukakumba ngalande yopatutsa madzi.