Maluwa a pamanda a Joanie

A Verna Tjaden asamalira manda akale a pachitunda kwa zaka makumi anayi, popanda wowatuma. Kuno ku Iowa kulikonse n'chimanga, koma pachitundapo khasu silinagwepo chikhalire. Udzu wake ndi uja wakalekale, wautali kuposa munthu, mizu yozama kuposa manda. Ngakhale mphepo kulibe, umamveka ngati anthu akunong'onezana.

Mwana wawo Joanie atamwalira ali ndi zaka zinayi, udzuwo unawanyansa. Mwana wanga agone patchire? Ayi ndithu! Anauzula wonse kumbali imene anamuika, yoyang'ana kumtsinje, n'kubzala chomera choyanga cha maluwa apinki, chija cha m'mbali mwa misewu, ati chimateteza nthaka. Chinakongola, osanama.

Chaka chino mvula inagwa masiku asanu. Itakata, masanasana, a Verna anakwera pachitunda ndi a Merle, okumba manda. Akuyandikira chiliza cha mwanayo, mwendo wa a Verna unangomira mpaka m'bondo. Pansi panamveka madzi akuyenda.

"Mayi, musasunthe," anatero a Merle. Analowetsa foloko yokumbira, n'kutukula choyangacho ngati mkeka. Kunsi kunalibe dothi. Kunali chigwembe chakuda bii, chozizira, cholunjika kumtsinje.

"Chayamba liti chimenechi?" anafunsa a Verna.

"Si lero. Maluwa anuwa amangofunda pamwamba, sagwira kanthu. Ndinanena ine, inu n'kunditcha mlesi."

"Khalani chete, a Merle inu!"

Mantha anawagwira a Verna. Onse ogona mu udzu, anthu amene palibenso wowakumbuka, anali m'malo mwawo. Malo ogumuka anali amodzi okha, pamene iwo anazula udzu n'kubzala maluwa.

Anatsika okha kutsata chigwembecho. Pamchenga anatola kachigwiriro kamkuwa. Anakazindikira, poti bokosi la maliro a Joanie anasankha okha.

A Merle akuti mbali ya kumutu kwa manda a mwanayo ikadalipo. Ndiye masiku ano mukadutsa mudzawaona a Verna atagwada pamanda a anthu osawadziwa, akukumba udzu ndi mizu yomwe.

"Pepani bambo Oleson," amatero powerenga dzina pachiliza, "ndigawireniko pang'ono, ndi wa mwana."

Amakaubzala m'mphepete mwa chigwembe, n'kutsindira ndi manja. Udzu umenewu umafuna zaka zitatu kuti ugwire nthaka. Pawailesi akuti mvula ibweranso Lachinayi.