Kamwala Konena Zinthu Ziwiri

"Mwezi uno ukatha chipangizochi chikunamabe, mutisiyire malo," anatero pulofesa kwa mtsikana wina, wophunzira wake. "Ofuna kulowa m'labotale muno ndi ambiri."

Mtsikanayo anakalirira kubafa, atatsegula mpope kuti anzake asamve. Anali mwana wamasiye, ndipo mayeso anamugwetsapo kangapo asanalowe yunivesite. Akachotsedwa pano, kolowera kwina analibe.

Ntchito yake inali pa kachidutswa ka dayamondi, kochepa ngati kanjere ka mchenga. M'kamwalamo muli tinthu tosaoneka ndi maso, tomwe akatswiri a sayansi ya tinthu tating'onoting'ono, yotchedwa kwantamu, amayezera mphamvu ya maginito. Vuto ndi loti tinthuto timamvanso kutentha. Wina akangolowa ndi kapu ya tiyi, manambala onse ankasokonekera.

Analimbana nako kutenthako. Anatseka mawindo, analetsa tiyi, anafunditsa chipangizocho mpaka anzake anamutcha Mayi Bulangeti.

"Wodwala wanu wadzuka bwanji?" ankamufunsa m'mawa uliwonse, kwinaku akuseka.

Zonsezo sizinaphule kanthu.

Koma mtsikanayu anali wamakani, ndipo makani akewo ine ndimawasirira. Anasiya kuthamangitsa kutentha, nayamba kukuitana dala. Ankayandikizitsa tiyi, n'kuyang'ana mizere iwiri yomwe chipangizocho chinkajambula pakompyuta. Kenako ankachotsa tiyi n'kuyandikizitsa maginito. Anabwerezabwereza mpaka maso kufiira, ndipo anaona kusiyana kwake: maginito ankaikankhira mizere ija wina uku wina uko, pomwe kutentha kunkaikankhira yonse iwiri mbali imodzi.

Kamwalako sikankanama ayi. Kankanena zinthu ziwiri nthawi imodzi, wakumva ndiye panalibe.

Mwezi utatha pulofesa anabwera, manja ali m'thumba, nawerama pafupi ndi chipangizo.

"Kutentha kwakwera pang'ono chifukwa mwayandikira," anatero mtsikanayo. "Komanso, bwana, m'thumba mwanumo muli maginito."

Pulofesa anatulutsa dzanja pang'onopang'ono. Analidi atafumbata maginito, omwe anabisa pofuna kumuyesa.

"Zonse ziwiri mwaziwerenga pa kamwala kamodzi?"

"Inde, bwana."

Mkuluyo anapukusa mutu n'kuseka. "Simukupita kulikonse, mwana wanga. Mawa mudzayambe kuphunzitsa osekawa."

Inu amene mwayamba kale kulongedza katundu, tadikirani kaye. Chomwe chikukusowetsani mtenderecho chiyang'anitsitseninso, mwina chili ndi mawu omwe simunawamve. Musafulumire kutaya mtima.