Wogula Sagula kwa Mbale

Kufakitale ya sopo aliyense ankamutcha Namakiyi, ndipo dzinalo silinali lomunamizira. Munthu ankayamba wamumva asanamuone: makiyi a mosungira katundu, a kachipinda ka mankhwala, a geti laling'ono la kuseri, onse pa chingwe chimodzi m'chiuno, akulira ngati belu la ng'ombe. Anali mayi wamfupi, wachangu pa miyendo, wosakonda kubwereza mawu. Ukabwera kudzapempha magolovesi atsopano akale usanabweze, ankangokuyang'ana, ndipo iwe wekha unkatembenuka kukawasaka.

Ntchito yake inali yolandira ndi kutulutsa. Malole akafika ndi migolo ya mafuta, matumba a soda ndi makatoni, iye ndiye ankaima pakhomo kuona ngati zafika zonse, ngati migolo sikudontha, ngati makatoni sananyowe m'njira. Katundu wakale ankamukokera kutsogolo, watsopano n'kumuika kumbuyo. Koma kugula kwenikweniko, kusankha kuti mafuta achokere kwa yani ndipo afike liti, kunkachitikira m'mwamba, mu ofesi ya mawindo akuluakulu, kumene iye ankakwerako pokhapokha ataitanidwa.

Amene anamukankhira kusukulu anali achimwene ake, Atelala. Makolo awo atamwalira, Namakiyi anali kamtsikana kosatha n'kupesa komwe, ndipo anakulira pansi pa tebulo la makina osokera, akumanga tizidole ndi zidutswa za nsalu. Atelala anamulera ndi mwendo wopalasa makinawo. Anachedwa kukwatira chifukwa cha iye, moti akazi awo, alamu a Namakiyi, mpaka lero amaseka kuti anakwatiwa ndi mbeta yokhala ndi mwana wamkulu kale.

Tsono chimene chinkaimika shopu ya Atelala chinali fakitale yomweyo. Maovololo obiriwira amene antchito onse ankavala ankatuluka pa makina awo. Ntchitoyi anaipeza kalekale, mlongo wawo asanalembedwe n'komwe. Maovololowo ndiwo ankalipira lendi, ndiwo ankaphunzitsa ana, ndiwo anachititsa kuti alembe amisiri ena awiri owathandiza. Zigamba ndi kupinda mathalauza zinali zongogulira mchere.

"Iwe, udzakalamba ndi makiyi m'chiuno?" anamufunsa tsiku lina. "Anzako akugula, iwe ukungotsekula zitseko. Pita ukaphunzire zimene amachita m'mwambamo."

"Msinkhu wanga uno, achimwene? Ndikakhale padesiki ndi ana?"

"Desiki siifunsa zaka."

Choncho analembetsa maphunziro a Loweruka, a kagulidwe ka katundu ndi kayendedwe kake kuchoka kwa wopanga mpaka kufika kwa womugwiritsa ntchito. Masiku oyamba mutu unkaima. Anzake a m'kalasi anali ana oti akanatha kuwabereka, zala zili pa foni nthawi zonse, ndipo ankamutcha anti. Koma pang'ono ndi pang'ono anayamba kuona kuti zambiri zimene ankachita ndi manja tsiku lililonse zinali ndi mayina m'mabuku, ndipo zimene sankazidziwa n'komwe zinali zochuluka kuposa pamenepo: kuyerekeza ogulitsa, kudziwiratu kuti katundu atha liti, kukonzekera tsiku limene lole idzafera panjira. Zinamukoma, ndipo iye mwini anadabwa kuti zamukoma.

Lamlungu lililonse masana ankapita kushopu kukafotokoza zimene waphunzira. Atelala ankamvetsera mapini ali kukamwa, ndipo sankalephera kutsutsa.

"Ndiye akuti kusunga katundu wambiri n'kulakwa? Ukawauze aphunzitsi akowo kuti mabatani akadzasowa m'tauni, anthu sadzamanga malaya ndi buku."

"Sanati osasunga, achimwene. Akuti kusunga mwa muyezo."

"Eya, akanayamba ndi pamenepo."

Alamu ankabwera ndi tiyi n'kumati, "Dipuloma ikubwera imodzi, koma ophunzira m'nyumba muno ndi awiri." Ndipo kasitomala aliyense wobwera kudzayezetsa sankatuluka asanamve kuti mlongo wa Atelala akuphunzira zogulira kampani yathunthu. Ena ankamva kawiri.

Zinthu zinatembenuka m'chaka chomaliza. Mayi oyang'anira zogula, a mu ofesi ya m'mwamba ija, anali atamuuza kale kuti wowathandiza akuchoka, ndipo akakhoza mayeso mpandowo ndi wake. Namakiyi ankayenda ngati wapepukidwa miyendo. Kenaka Loweruka lina aphunzitsi, bambo wadazi wokonda kuyendayenda akamayankhula, anafika pa mutu wa khalidwe la wogula.

"Wogula sagula kwa mbale wake," anatero. "Kaya mbaleyo ndi wotchipa, kaya katundu wake ndi wabwino kuposa wa onse. Anthu sadzaona katunduyo, adzaona chibale."

Ana aja ankalemba mwachangu. Cholembera cha Namakiyi chinaima.

Lolemba m'mawa anakwera masitepe asanaitanidwe, n'kufunsa mosapsatira. Mayiwo anavula magalasi n'kumuuza kuti akhale pansi.

"Ndimadziwa kuti atelala athu ndi achimwene anu. Muli pansipo panalibe vuto, chifukwa wosankha simunali inu. Koma eni fakitale lamulo lawo ndi louma: mbale wa munthu wa mu ofesi ino sagulitsa kanthu kuno. Ndinayesapo kuwapempha, anakana. Mukatenga mpandowu, maovololo apita kwina. Kaganizeni bwino, simukuthamangitsidwa."

Kuyambira pamenepo Lamlungu linasanduka lolemera. Ankapitabe kushopu, koma m'malo mofotokoza maphunziro ankatenga ovololo n'kumasokerera mabatani. Achimwene akafunsa, ankati akungobwereza zakale. Maso ake ankayenda pa mulu wa nsalu yobiriwira, pa misana ya amisiri awiri aja, pa nsapato za ana zoyanikidwa pakhomo, ndipo chilichonse ankachiona chikulendewera pa ulusi umodzi. Anamva chisoni chachikulu, komanso anakwiya. Anakwiyira sukulu yomwe, poti isanamutsegule maso ankagona tulo tabwinobwino.

Mayeso analemba, ndipo anakhoza bwino ndithu. Kunyumba kunali chimwemwe, Atelala anatseka shopu dzuwa likadali pamutu, chinthu chimene sanachitepo. Koma patangopita masiku ochepa Namakiyi anakwera masitepe aja n'kukauza mayi oyang'anira zogula kuti akuthokoza, koma iye wazolowera pansi.

Nkhani ya pafakitale siigona panjira. Dalaivala wina wa lole anapita kwa Atelala kukasinthitsa zipi, ndipo podikira anayamba kuwayamikira kuti ali ndi mlongo wachikondi, wakana mpando wonona chifukwa cha iwo. Ankaganiza kuti akuwauza zokoma.

Masana omwewo Atelala anatulukira kufakitale, tsiku losaperekera maovololo, tepi yoyezera ikadali m'khosi. Anamupeza mlongo wawo pakati pa migolo, akuyang'ana zotsekera.

"Ndamva kuti wazolowera pansi."

Namakiyi anawongoka pang'onopang'ono. "Wakuuzani ndani?"

"Munthu ukamamusokera zipi amayankhula zonse. N'zoona?"

"Achimwene, maovololo aja ndiye shopu. Lendi, sukulu ya ana, anthu aja munawalemba. Ine pano ndikudya, sindikugona ndi njala. Mpando ndi chiyani?"

"Ndiye zaka zonsezi ndinkapalasa makina kuti udzakhale mlonda wa maovololo anga?"

"Ndiye mukufuna ine amene munandilera ndikhale wokulandani chakudya pakamwa?" Misozi inatsika iye asanaigwire. Antchito amene ankadutsa ndi makatoni anayang'ana kumbali, poti Namakiyi kulira anali asanamuonepo.

Atelala anakhala pa thumba la soda, n'kupuma kaye. Atayankhula, mawu anali otsika.

"Mwana wa mayi anga, sukundilanda. Ndikusiya ndekha. Walira mvula walira matope. Mvula iyi ndinailira ndine, matope ake ndiponda ndine. Njala ndingaipirire, siyachilendo kwa ine ndi iwe. Chimene sindingapirire n'kumakuona ukudutsa ndi makiyi m'chiuno mpaka imvi, ndikudziwa kuti chakumangirira pamenepo ndi ulusi wanga."

"Nanga alamu mwawauza?"

"Amenewo ndi mlandu wanga wa madzulo. Iwe pukuta m'masomo, anthu ako akukuona."

Anaimirira, n'kusasa kumbuyo kwa thalauza, n'kukwera masitepe okha. Pakhomo la ofesi anavula chipewa. Anauza mayi aja kuti maovololo amene ali pa makina awamaliza bwinobwino, ndipo amenewo ndi otsiriza.

Tisanamizane, zimene zinatsatira sizinali zokoma. Mmodzi wa amisiri aja anapita kukafuna ntchito kwina. Shopu anaidula pakati ndi mapulanga, mbali inayo n'kulowamo wokonza mafoni. Atelala, pa msinkhu wawowo, anayamba kuyenda m'masukulu ndi m'magalaja, chikwama cha zitsanzo chili kukhwapa, kufunsa ngati kukufunika mayunifolomu. Kwina ankawalandira, kwina ankawasiya pabenchi mpaka atatopa. Moni wa alamu unafupika kwa kanthawi, ndipo palibe angawaimbe mlandu, chifukwa poto wopepukayo ankamunyamula ndi iwo. Namakiyi ankathandiza mmene akanathera, koma achimwene ake chimene ankalandira ndi manja awiri chinali cha ana basi. Cha iwo eni ankachibweza.

Namakiyi anatenga mpando uja, makiyi aja n'kuwapereka kwa wina. Masiku oyamba anthu ankadzidzimuka kumuona waima kale pambali pawo, osamva kuti wafika liti. Dzina lokha ndilo linakana kuchoka.

Ndipo ntchito yaikulu yoyamba imene inamupeza patebulo latsopanolo inali yofuna telala wina wa maovololo. Anaitanitsa zitsanzo kwa osoka angapo, monga mmene anaphunzirira. Zitafika anatseka chitseko, n'kuzitembenuza kunja kukhala mkati, n'kumakoka misoko ya m'khwapa ndi ya pakati pa miyendo, pamene ovololo imayambira kung'ambika munthu akawerama. Manja ankagwira ntchito, mtima ukuwawa. Palibe chitsanzo chimene chinafika pa msoko umene anakulira akuuona, koma chimodzi chinayandikirako. Anakhala pansi ndi mayi aja, anayerekeza zonse, anasankha. Chinatsala n'choti eni fakitale avomereze, kenaka alengeze.

Lamlungu lotsatira anapita kushopu. Munali mothina tsopano, moti mpando wake anauika pakhomo penipeni. Atelala ankaika chigamba pa kabudula wa mwana wasukulu. Anacheza za uku ndi uku, za mvula, za bondo limene linayamba kuwavuta. Alamu atalowa kukatenga tiyi, Atelala anasiya kupalasa, n'kusendera pafupi.

"Ndiye wapambana ndani?" ananong'ona. "Uja wa kuseri kwa depoti? Ameneyo amaba nsalu m'khwapa, anthu ako azidzayenda manja ali m'mwamba. Kapena mayi uja wa makina amagetsi? Tandinong'oneza. Sindiuza munthu, ndingofuna ndidziwe kuti anthu anga avala za ndani."

Namakiyi anawayang'ana. Chibadwire chake, munthu uyu anali asanamupemphepo kanthu. Nsapato, fizi, ukwati wawo umene anauchedwetsa, shopu imene anaidula pakati, zonse zinkachoka kwa iwo kupita kwa iye. Lero apempha kamodzi, ndipo chimene apemphacho ndi dzina chabe, liwu limodzi loti silingaphe munthu. Dzinalo linafika pa lilime.

"Sindinganene, achimwene. Zisanalengezedwe sizituluka mu ofesi."

"Ngakhale kwa ine?"

"Ngakhale kwa inu."

Kuseri kwa mapulanga wokonza mafoni ankayesa nyimbo, kuyatsa n'kuzimitsa. Atelala anayang'ana kabudula uja nthawi yaitali, ndipo Namakiyi anaona kuti wawalasa. Anafuna kugwada, kupepesa, kutchula dzinalo kuti zithe.

Mwadzidzidzi Atelala anamenya tebulo ndi chikhatho.

"Mayi a ana! Tabwerani kuno mudzamve! Wandikaniza!"

Alamu anatulukira ndi thireyi, nkhope ili ndi mantha. "Chachitika n'chiyani?"

"Ndam'funsa kanthu kakang'onong'ono, wandikaniza m'maso muli gwa! Ine, amene ndinam'phunzitsa kumanga zingwe za nsapato!" Ankaseka, mapewa akugwedezeka, koma misozi inali ikuyenderera m'masaya mpaka m'ndevu. "Ukanandiuza, mwana iwe, ndikanadziwa kuti shopu yanga ndinaidula pachabe. Koma ayi. Maphunziro aja alowa. Kampani ija yapeza munthu."

Anatenga singano kuti apitirize ntchito, poti ulusi unali utaduka. Analasa koyamba, anaphonya. Analasanso, anaphonyanso. Anapatsira mlongo wawo, koma nayenso m'maso munali madzi okhaokha, bowo la singano silinkaoneka. Alamu anaika thireyi pansi, n'kupukusa mutu.

"Tapatseni kuno," anatero, nawonso akupukuta m'maso. "Anthu ophunzira awiri, kulephera singano imodzi."