Phiko la mbalame ya pa kabati ya ku Japan

Ndikukumbukira Loweruka lina lozizira m'tauni ya Swords, kuno kutsidya kwa nyanja, ndili ndi zaka khumi. Amayi ankakonza m'nyumba ya Bambo Colm, wansembe wokalamba amene anatumikira zaka zambiri ku Dedza, ndipo ankanditenga poti panalibe wondisiyira. Ntchito imeneyo ndi imene inkatidyetsa.

Pabalaza panali kabati yakalekale ya ku Japan, imene mkulu wawo wa Bambo Colm, nayenso wansembe, anabwera nayo kuchokera kumeneko. Pazitseko zake anasemapo mbalame za miyendo italiitali zikuyenda m'bango, nthenga iliyonse payokhapayokha. Inkanunkhira utsi ndi mtengo wouma. Koma inali yakuda bii, ndipo ndinkaimvera chisoni. Kwathu poto wakuda ndi manyazi a mwana wamkazi. Umamukwecha mpaka udzionerepo nkhope.

Amayi atakwera m'chipinda cham'mwamba, ndinatenga sitiliwulo kukhitchini, n'kugwada, n'kuyamba ndi phiko la mbalame imodzi. Ndinkang'ung'udza kanyimbo ka pa Misa, ndili wotsimikiza kuti ndikutumikira Ambuye. Phikolo linayera mbee ngati chinangwa chosenda.

Amayi atatsika sanakalipe. Anangokhala pansi, manja kumutu, n'kunong'ona kuti ntchito yatha basi. Ndinakumbukira munthu uja wa m'Malembo amene anagwira likasa la chipangano ndi mtima wabwino, nagwa pomwepo. Ndinapempha kuti tikankhirepo mpando, pasaoneke. Amayi anakana, anati tikagwade, tikanene zoona.

Bambo Colm anavala magalasi, nasisita phikolo nthawi yaitali. Nkhope yawo inagwa, pakuti mkulu wawoyo anali atamwalira chaka chomwecho. Kenaka anafotokoza, m'Chichewa chawo cha ku Dedza, kuti kudako sikunali litsiro ayi. Unali utsi wa m'nyumba zambiri, ndi manja a anthu amene ankatsegula zitsekozo m'mawa uliwonse, ife tonse tisanabadwe.

"Amake Tadala, dzukani, Loweruka mubwerenso," anatero. Anatembenukira kwa ine. "Koma iwe wafufuta manja a anthu. Ubweze ndi ako."

Chilango changa chinali chimenecho. Loweruka lililonse ndinkasisita phikolo ndi chikhatho chokha, mpaka nditamaliza chigawo chimodzi cha Korona. Nkhalambayo inkakhala pampando n'kumandiyankha mapempherowo, nthawi zina ikusinza.

Masiku ano mipando timagula ili m'makatoni, n'kulumikiza tokha, ikagwedera n'kutaya. Palibe umene umakhalitsa mpaka kudziwa dzanja la mwini wake. Bambo Colm anapita kwa Atate, ndipo kabatiyo anasiyira ine, amene ndinaiwononga. Chisomo ndinachidziwira pamenepo. Kabatiyo ili pabalaza panga m'tauni ya Balbriggan, ndipo ana anga, ngakhale amandiyankha m'Chingerezi, amadziwa kuikapo dzanja asanapite kusukulu. Phikolo ladako ndithu, koma silinafanane ndi anzake. Tikadali kusisita.