Matenda anga anafika kunyumba ine ndisanafike

Ndikukumbukira fungo la sipiriti ndi benchi yozizira ya pachipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwathu ku Chinyonga. Ndinali Fomu 2, ndipo kwa masiku atatu pokodza pankawotcha ngati pathiridwa tsabola. Mayi sindikanawauza, pakuti kwathu nkhani zotere mwana sankakamba ndi kholo. Ndinajomba masamu n'kupita ndekha, kabuku ka kuchipatala nditakapinda m'thumba la yunifolomu.

Tsoka ilo, namwino wa tsikulo anali a Nachisale, oimba kwaya imodzi ndi mayi anga. Chitseko chinali chotsegula, ndipo panja panali amayi a sikelo mzere wonse.

"Iwe si Joana wa a Fombe? Chavuta n'chiyani?"

Ndinanong'ona. Iwo anabwereza mokweza ngati zolengeza za kutchalitchi.

"Pokodza pakuwawa? Mwana wasukulu! Amuna wayamba liti?"

Amuna ake ati? Ine amene ndinkanjenjemera mnyamata akangondibwereka labala! Mkodzo sanayeze n'komwe. Anandipatsa panado ndi ulaliki, amayi aja akundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

Nkhani inafika kunyumba ine ndisanafike. Bambo ndinawapeza pakhonde lamba ali m'manja, ndipo anandikwapula osafunsa kalikonse. Ndinalumbira kuti kuchipatala sindidzapondakonso. Ndinayamba kugula makapisozi awiriawiri kwa mavenda mu Limbe, monga anzanga ambiri ankachitira.

Patatha milungu itatu ndinakomoka pa asembule. Kuchipatala chachikulu adokotala anati anali matenda wamba a chikhodzodzo, ogwira ngakhale makanda, oti mapiritsi a masiku ochepa akanathana nawo. Koma anali atakwera mpaka ku impso. Ndinagona m'wodi sabata ziwiri, mayeso n'kundipitirira. Palibe amene anapepesa, ngakhale bambo. A Nachisale anabwera ndi akwaya kudzandiimbira nyimbo, opanda manyazi. Mpaka lero ndikaganiza zimenezi ndimapsa mtima.

Masiku ano akuti zinthu zinasintha. Pachipatala chomwecho pali chipinda cha achinyamata, chopentedwa bwino, cha zithunzi kukhoma. Koma mwezi watha mwana wanga wamkazi, wa Fomu 3, anandiuza kuti akufuna kupita kuchipatala cha ku Chirimba, maminibasi awiri kuchokera kwathu.

"Nanga chapafupichi chalakwa chiyani?" ndinafunsa.

Anayang'ana pansi. "Amami, pamenepo amakudziwani."

Sindinafunsenso. Ndinamanga chitenje, tinakwera limodzi, ndipo titafika ndinamusiya alowe yekha. Ine ndinadikira kunja kwa geti.