Galimoto ya Amalume Isazime

Mwala wotchingira galimoto unali wakuda, wosalala mbali imodzi, ndipo ntchito yanga, ndili mwana, inali youchotsa kutsogolo kwa tayala. Galimoto ya amalume, yakale, yadizilo, yokoka ndi matayala onse anayi, inkagona pachulu kuseri kwa nyumba yathu ku Kaumbwe, mphuno italoza kumunsi. Sitata yake inafa kalekale. Kuti ilire tinkachita kuikankha, amalume n'kusiya kilachi, iyo n'kulavula utsi wakuda wowawa pakhosi.

Dzinja limenelo amayi ankadwala chifuwa, ndipo tinkawatengera kuchipatala ku Minga pafupipafupi. Msewu unali matope okhaokha. Tikatitimira, amalume ankathyola nthambi, ine n'kumazilowetsa kunsi kwa matayala, amayi ali gone pamphasa kumbuyo, akuseka kuti iwo ndi galimoto akupikisana kutsokomola. Sitinabwererepo panjira.

Lero ndimayendetsa galimoto yatsopano ya kuntchito ku Nyimba. Ndimangodina batani, imalira chapansipansi, mafuta imamwa pang'ono, zitunda imakwera osadandaula. Sindinganame, ndi yabwino. Koma ikazima m'tchire, kankhani mpaka msana uthyoke, siilira. Imadikira munthu wa kompyuta kuchokera ku Lusaka. Ya amalume inkamva ukaipempha ndi mapewa, ndipo ndimaisowa.

Pabwalo la chipatala panalibe mtsetse wokankhirapo, choncho amalume sankaizimitsa. Ankandisiya pachiwongolero, n'kundisonyeza popondera mafuta. "Ukamvela yayamba kufooka, ponda apa, mwana wa mlongo wanga. Isazime, amai ako sangakwanitse kuyembekezela."

Kenaka amayi anagonekedwa m'chipatala. Tsiku limene tinapita tikuganiza kuti tibwera nawo, amalume anachedwa kwambiri m'kati. Dzuwa linawotcha malata a galimoto, singano ya mafuta inkatsika, mwendo unachita dzanzi. Ndinausintha n'kuponda ndi winawo. Mumtima ndinali nditalumbira kuti m'manja mwanga siizima.

Amalume anatuluka okha, atapinda chitenje cha amayi m'khwapa. Anatsegula chitseko osandiyang'ana, n'kukoka waya wozimitsira. Injini inanjenjemera, kenaka zii.

Ndinakwiya mpaka misozi. Ndinawafunsa kuti nanga amayi akatuluka, akankhe ndani pamalo athyathyathya ngati pano. Ndinalumpha pansi mwendo ukadali dzanzi, n'kuthamangira kuchipata kukapempha abambo a njinga kuti adzatithandize kukankha, chifukwa m'maganizo mwanga amayi anali pafupi kutuluka.