Volovolo imene apongozi anga anaikonza ndi tupa

Ndikamafotokoza nkhaniyi anthu amayamba ndi kuseka, ati Mmalawi wokhala kunja kuno ku Wakefield mfuti angaitenge kuti, koma ndikukuuzani zoona zokhazokha, Mulungu ndi mboni yanga. Papita zaka ndithu, komabe chitseko chikamenyetseka mwadzidzidzi ine thupi lonse limachita tsembwe.

Ine ndine nesi. Amuna anga amagwira ntchito ya mu ofesi ku Leeds, ndiye anzawo a kuntchito anawakopa kuti alowe kalabu yowombera chandamale. Ndinakana, ndinalalata, koma inu mwamuna akafuna chinthu amamva? Anatsata zonse za malamulo, apolisi anabwera kudzaona kabati yachitsulo yosungiramo mfuti, mpaka anagula volovolo ya mpope wautali, mtundu umene kuno amaloleza. Sipanapite nthawi inayamba vuto. Kamgolo kozungulira kamene mumalowa zipolopolo kaja nthawi zina sikankaima pamalo pake, ndiye chipolopolo sichinkayang'anizana bwino ndi mpope. Mkulu woyang'anira kalabu anawauza kuti asaiwombenso, aipereke kwa amene anawagulitsa kuti aibweze kufakitale, ngakhale zitatenga miyezi. Tinakambirana, anavomera, ndipo mtima wanga unakhala pansi.

Mwezi womwewo kunabwera apongozi anga, bambo awo a amuna anga, kudzaona mdzukulu wawo amene anali atangobadwa. Kumudzi iwowa ndi mmisiri wodziwika, njinga, maloko, mawailesi zonse zimapita kwa iwo, ndipo ali mnyamata ankakonza mfuti za gogodela za alenje. Atamva za kubweza volovolo anaseka mpaka kutsokomola. Anafunsa ngati m'nyumba muno mulibe amuna, kuti chinthu chogula kale chizibwerera kwa mwini wake, pamene kwathu ngakhale loko wa dzimbiri sitimutaya. Abale inu, amuna anga omwe amatsutsana ndi azungu m'misonkhano aja anasanduka kamwana, manja kumbuyo, kumangovomera chilichonse. Nanga ine mpongozi, amene ndimagwada powapatsa madzi osawayang'ana n'kumaso komwe, ndikanayambira pati?

Tsiku lina ndikuchokera kuchipatala ndinapeza nyuzipepala itayalidwa patebulo lodyera, tizitsulo ta volovolo ija tili mbwee, apongozi ali ndi tupa m'manja uku akuimba nyimbo ya kutchalitchi mwa mluzu. Kuchipinda ndinawafunsa amuna anga ngati mutu wawo ukuyenda bwino. Anandiyankha motsitsa mawu kuti sangawachititse manyazi bambo awo, awombako kamodzi kokha kuti awasangalatse, kenako aitumiza mwakachetechete. Ankayankhula akuyang'ana pansi, ndipo ndinadziwa kuti nawonso akuopa.

Loweruka m'mawa mwana ndinamusiya kwa mnzanga wa kutchalitchi n'kuwatsatira kukalabu kuja, chifukwa pakhomo sindikanakhazikika. Tsoka lake mkulu amene ankadziwa za vuto uja kunalibe tsiku limenelo, kunali wina. Ife alendo anatikhazika kuseri kwa galasi, ine pambali pa apongozi. Mfuti za anthu ena zinkalira mwamphamvu, mofanana, koma ya amuna anga atakhethemula inalira mofooka, moto unatulukira m'mbali, ndipo ndinaona magazi akutsika patsaya lawo. Mukudziwa anachita chiyani? Anatembenuka kuyang'ana bambo awo, osati ine ayi. Apongozi anakodola ndi dzanja kuti apitirize, uku akundiuza kuti chitsulo chokonzedwa kumene chimatero, chikuzolowera. Amuna anga anapukuta tsaya ndi phewa n'kukwezanso mkono, mfuti ili m'dzanja.

Ine kuchipatala ndaonapo manja ophwanyika ndi makina, ndikudziwa mmene amaonekera, ndipo dzanja limene ndinkaliona pamenepo linali loti dzulo lake lomwe linkasambitsa mwana wathu. Kenako sindikudziwa mphamvu zinachokera kuti, ndinamenya galasi lija ndi zibakera zonse ziwiri ndikukuwa ngati pamaliro, ndipo ndinawatembenukira apongozi n'kuwayang'ana m'maso, koyamba chikwatiwire, n'kuwauza kuti akhale chete, asandiphere mwamuna. Woyang'anira wa tsiku limenelo uja anakuwa kuti onse asiye kuwomba, anathamanga n'kuwalanda amuna anga mfutiyo. Ataunikamo ndi tochi anapeza chibenthu cha chipolopolo chitatsekera mu mpope, chitsulo chitang'aluka. Anatiuza kuti chipolopolo chachiwiri chikanaphulitsa mfuti yonse m'dzanja mwawo, zibenthu n'kupita kumaso. Ndinangokhala pansi pomwepo n'kuyamba kulira.

Volovolo ija inapita kufakitale sabata yomweyo, ndipo anayankha kuti poti inapalidwa ndi tupa singakonzekenso. Amuna anga kalabu anaisiya okha, popanda munthu wowauza. Apongozi sanadyenso chakudya chophika ine mpaka tsiku limene tinawaperekeza kubwalo la ndege, ndipo mpaka lero akaimba foni amapereka moni kwa mwana wawo ndi adzukulu, ine n'kundidumpha. Kumudzi konse ndimadziwika kuti ndine mkazi wamwano amene anakalipira apongozi pamaso pa azungu. Zimandipweteka, ndisaname, chifukwa makolo anga sanandilere choncho, ndipo ndikukhulupirira kuti bambo aja sankafunira mwana wawo zoipa, ankangokhulupirira manja awo.

Koma anzanga, chinthu choti chingaphe munthu chikangosonyeza vuto, chibwezeni kwa amene anachipanga, ngakhale pakhomo pali mmisiri wotani. Ndipo mukaona wokondedwa wanu akulowa m'ngozi chifukwa choopa kukana wamkulu, kuwani basi, zaulemu mudzapepesa pambuyo. Ine ndapepesa kangapo konse, sanandikhululukirebe, koma amuna anga zala zawo zonse zilipo.